Galu Amayankhula Asanalume

Adzukulu anga, tsiku lina la msika pa Kamwendo ndinakumana ndi mnyamata wa msinkhu wanuwu atamangirira katoni ya sopo pakaliyala wa njinga yake. M'katonimo munkamveka kulira kwapansipansi, ndipo nditasuzumira ndinapeza kamwana kagalu kamene maso ake anali atangotseguka, miyendo ikadali yonjenjemera. Ndinamufunsa kuti akukachita nako chiyani. Anati akufuna galu wolusa woti azilondera mtedza ndi soya nthawi yokolola, popeza akuba achuluka. Pamenepo sanalakwe ayi. Koma nditamufunsa za kaleredwe kake, anandiyankha mosajejema ngati mwana wasukulu amene waloweza phunziro: kukatsekera m'khola lamdima, kukapatsa chakudya chochepa chothira tsabola, ndi kusalola munthu wina aliyense kukakhudza, kuti kakule ndi mtima wouma.

Mawu amenewo sanali achilendo m'makutu mwanga. Ndinawamva ndili mnyamata, ndinawakhulupirira, ndipo ena mwa iwo ndinawachita. Chimene chinatsatira ndimachiona mpaka lero patsaya la mwana wa mlongo wanga.

Galu wanga woyamba ndinamutcha Mumandida. Masiku amenewo dzina la galu linkakhala kalata yopita kwa anansi. Ukamuitana mokweza madzulo, amene ukumunenayo ankadzimvera yekha ali kuseri kwa mpanda. Mumandida anali wofiirira, wamakutu oimirira, galu wakumudzi weniweni. Vuto lake linali limodzi. Akamadya, munthu n'kuyandikira, ankadzuma, phokoso lakuya lija lochokera pakhosi kukamwa kuli kotseka. Ine ndinkaona ngati mwano. Ndinkati galu amene ndimamudyetsa ndekha sangandiopseze pakhomo panga, choncho akadzuma ndinkamukwapula ndi kamtengo. Patapita miyezi ingapo analeka kudzuma, ndipo ndinkadzitama kwa anzanga kuti ndamuwongola.

Tsiku lina mlongo wanga anabwera kudzacheza ndi mwana wake wamkazi wa zaka 3. Mwanayo anaona galu akudya nkhoko kuseri kwa khitchini, n'kupita kukapisa dzanja m'mbalemo. Sitinamve phokoso lililonse kufikira pamene mwana anakuwa. Anthu anati galuyo wangosintha mwadzidzidzi, ena mpaka anati alipo amene wamuchita. Ine zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti Mumandida sanasinthe. Mantha oti alandidwa chakudya anali nawobe monga kale, mwinanso ochuluka chifukwa cha kamtengo kaja. Chimene ndinamulanda ndi mawu ochenjezera basi. Ndinamuphunzitsa kuti kunena kuti "ndisiyeni" kumabweretsa chikwapu, ndiye anasiya kunena, n'kutsala ndi mano okha. Ine mtsibweni wa mwanayo, amene ndinkayenera kumutchinjiriza, ndi amene ndinakonza bala limenelo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'anitsitsa agalu monga momwe mlimi amayang'anira mitambo. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndapeza kuti ngakhale kamwana kagalu sikachita kanthu pachabe. Galu asanalume amakhala atayankhula kangapo, ndipo amayamba motsitsa. Akasowa mtendere amatembenuzira nkhope kumbali, amanyambita mphuno pamene palibe chakudya, amayasamula pamene alibe tulo. Mukapanda kumva, amakokera makutu kumbuyo, amakuyang'anani cham'mbali mpaka choyera cha m'maso kuonekera, kapena amadzuka n'kuchoka. Galu wochoka musamamutsate, paja iye wasankha mtendere. Koma mukamupanikiza pakona, thupi lonse limauma gwa, amasiya ngakhale kutafuna, ndipo ubweya wa pamsana umaimirira. Kuumako kumatenga kamphindi kakang'ono, komabe ine kumandiopsa kuposa kuuwa kulikonse. Kenaka amadzuma, kenaka amaonetsa mano, kenaka amaluma mphepo pafupi ndi dzanja lanu. Musaganize kuti waphonya. Galu ndi wachangu kuposa dzanja la munthu, ndiye akaluma mphepo dziwani kuti wakuchitirani chifundo komaliza.

Mchira ndiye umanamiza anthu ambiri. Timati galu wogwedeza mchira ndi wokondwa, koma yang'anani thupi lonse. Wokondwa amagwedeza mpaka chiuno, thupi lili lofewa, kukamwa kuli kotsegula. Amene waimika mchira m'mwamba n'kumaugwedeza kunsonga kokha, miyendo ili youma, ameneyo akukuyezani. Amene waupinda pakati pa miyendo ali ndi mantha, ndipo agalu ambiri oluma anthu amaluma chifukwa cha mantha, osati kulimba mtima. Ndipo mukaona galu wagwetsa chifuwa pansi, miyendo yakutsogolo ataitambasula, kumbuyo kuli m'mwamba, ameneyo akukuitanani kumasewera. Zimenezi muwaphunzitse azing'ono anu, chifukwa ndi iwo amene amalumidwa kwambiri, ndiponso kumaso, popeza nkhope yawo ili pa msinkhu wa mano. Galu amene akudya, amene wagona, ndi amene akuyamwitsa azisiyidwa. Galu wachilendo akawathamangira panjira ya kusukulu asathawe, asakuwe, asamuyang'ane m'maso. Aime ngati chitsa, manja atawapinda pachifuwa. Nthawi zambiri amangonunkhiza n'kudutsa.

Tibwerere ku kagalu ka m'katoni kaja. Galu amakhala ndi bere pafupifupi masiku 63. Tiana timabadwa tosaona ndi tosamva, ndipo maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14. Kagalu kaja, tsono, kanali kasanakwane ngakhale mwezi. Kanayenera kukhalabe ndi make mpaka masabata 8, ndipo chifukwa chake si mkaka wokha. Khalani pansi tsiku lina muone tiagalu tikusewera. Kena kakaluma kanzake mopweteka, kolumidwako kamalira n'kusiya masewera, ndipo kolumako kamatsala kokha. Kakabwereza kangapo kamazindikira kuti mano ali ndi muyezo. Make nayenso amakadzudzula kakapyola malire. Phunziro limeneli munthu sangaliphunzitse bwino ngati mmene amachitira agalu anzake, ndipo galu amene analiphonya amadzakula wosadziwa mphamvu ya nsagwada zake. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona tiagalu tating'onoting'ono tikugulitsidwa m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, titanyamulidwa m'mwamba padzuwa kuti a m'magalimoto atione. Musagule tiagalu pamsewu. Pitani pakhomo pamene kanabadwira, mukaone make ndi khalidwe lake, chifukwa mantha ndi kufatsa zimayendanso m'magazi.

Ku America, pa malo ofufuzira otchedwa Jackson Laboratory ku Bar Harbor, akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, anatha zaka zambiri akulera ndi kuyang'anira tiagalu, ndipo anatulutsa zimene anapeza m'buku mu 1965. Anaona kuti pali nyengo yaifupi, kuyambira masabata 3 kufikira cha m'masabata 12, pamene kagalu kamaphunzira kuti m'dziko muno bwenzi ndani, choopsa n'chiti. Pa malo omwewo, tiagalu timene tinasiyidwa tosaonana ndi munthu kufikira masabata 14 tinakula toopa anthu ngati nyama zakutchire, ndipo kutizoloweza pambuyo pake kunali kovuta zedi. Makolo athu anazinena kale m'mawu ochepa, kuti m'mera mpoyamba. Ndiye taganizani za khola lamdima lija. Mnyamata uja ankafuna kutsekera kagalu pa masabata enieniwo pamene kanayenera kuona dziko. Galu wotuluka m'khola lotero sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mwana wobwera kudzapala moto. Kwa iye onse ndi choopsa. Wakuba amabwera ndi chibonga kapena nyama yothira poizoni, ndipo galu wamantha ndi wanjala amathawa kapena kudya. Amene amalumidwa ndi mwana wa mnansi.

Pa masabata amenewo kagalu kazikhala pamene pali moyo wa pakhomo. Kaone mbuzi ndi nkhuku kali kakang'ono, kuti kasadzaziyese nyama yosaka. Kamve ngolo ikudutsa, chigayo chikulira, ng'oma zikugunda usiku. Kaone njinga za kabaza, zakapalasa ndi zamoto zomwe, chifukwa galu wothamangitsa njinga pamsewu wa M12 sakhalitsa, ndipo angagwetse munthu wonyamula wodwala. Kagwiridwe ndi ana mofatsa, wamkulu ali pomwepo. Kaone agogo a ndodo ndi amayi osenza ndowa. Mukagwiregwire makutu, mapazi ndi kukamwa, kuti tsiku lochotsa nkhupakupa kapena lobaya katemera lisadzakhale nkhondo. Chilichonse chachilendo chizibwera pang'onopang'ono, ndipo kakaopa musakakokere pafupi; bwererani pambuyo, mukapatse kanthu kokoma, mudzayesenso mawa. Kungoti kasanalandire katemera musamapite nako kumsika kapena kudzala kumene agalu oyendayenda amasonkhana. Kuli matenda a parvo, amene anayamba kudziwika padziko mu 1978, osanzitsa ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo amatha kutha tiana tonse ta pakhomo m'masiku ochepa. Musaope kuti galu wozolowera anthu sadzalondera. Kuuwa mlendo wausiku galu saphunzitsidwa, amabadwa nako. Chimene amaphunzira ndi kudziwa amene si mlendo.

Kuphunzitsa kwenikweni kulibe matsenga. Galu amabwereza chimene chamupindulira, ndipo amalumikiza mphotho kapena chilango ndi chimene akuchita pa kamphindi komweko, osati cha m'mawa. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904, anaona agalu ake akuchucha dovu pongomva chizindikiro chimene chinkatsogolera chakudya. Inu gwiritsani ntchito zomwezo. Nthawi iliyonse musanaike mbale pansi, itanani dzina lake ndi kuimba likhweru lofanana. Pakatha sabata mudzaona kakubwera kothamanga. Kuti kakhale pansi, gwirani kausipa pamwamba pa mphuno yake n'kukasunthira chakumbuyo. Mutu ukadzuka, kumbuyo kumatsika kokha, ndipo pomwepo nenani kuti "khala" n'kukapatsa. Mphindi 5 zokha, kawiri kapena katatu patsiku, zimaposa ola lathunthu. Ndipo lankhulani Chichewa. Ndimamva anyamata akuvutika kulamula agalu m'Chingerezi ngati kuti galu anapita kusukulu ya azungu. Iye amagwira kamvekedwe, ndiye "bwera", "khala", "siya" ndi "gona" n'zokwana, bola onse a pakhomo azinena mawu ofanana.

Lamulo limodzi lokha ndikupemphani musaliswe: musamaitane galu kuti mumumenye. Mukatero kamodzi, dzina lake lasanduka msampha, ndipo tsiku limene adzathamangire kumsewu galimoto ikubwera sadzabwera mukamuitana. Ndikudziwa chimene mungandiyankhe, chakuti akaba mazira amadziwa yekha kuti walakwa, taonani mmene amazyolikira. Mu 2009 katswiri wina, Alexandra Horowitz, anayesa nkhani imeneyi. Eni agalu ankauzidwa kuti galu wawo wadya chimene analetsedwa, pamene nthawi zina sanadye. Agaluwo ankazyolika akakalipiridwa, kaya adya kaya sanadye, ndipo osalakwawo ndi amene ankaoneka olakwa kwambiri. Nkhope ija si ya kulapa ayi, ndi ya kupepesa mkwiyo umene akuuona pankhope yanu. Choncho kumenya galu madzulo chifukwa cha dzira la m'mawa, kapena kumuika dzira lotentha m'kamwa monga ena amachitira, kumangomuphunzitsa kuti mwini wake ndi wosadalirika. Kwezani khola la nkhuku, tolani mazira msanga, ndipo galuyo adye mokwanira. Kagalu kakamatafuna nsapato pakati pa miyezi 3 ndi 6, si chipongwe. Mano 28 aubwana akugwa ndipo 42 aukulu akumera, nkhama zikuyabwa. Bisani nsapatozo, kapatseni chingwe chokhuthala chomanga mfundo.

Mumaonanso m'mafoni mwanu, pa Facebook ndi pa TikTok, anthu akuti galu uyenera kumugwetsa chagada n'kumupana pakhosi kuti adziwe bwana ndani, ati mimbulu ya kumayiko ozizira, makolo akale a agalu, imatero. Mmodzi mwa anthu amene anafalitsa ganizo limeneli ndi David Mech, m'buku lake la 1970. Koma iye mwini, atakhala nyengo zambiri akuyang'ana mimbulu yakutchire pachilumba cha Ellesmere ku Canada, analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, bambo, mayi ndi ana awo, ndipo otsogolera amatsogolera chifukwa ndi makolo. Ndimamulemekeza munthu ameneyu chifukwa anabweza mawu ake poyera.

Agogo anga aamuna sanawerengepo mabuku amenewa, koma anali mlenje wodziwika m'tsinde mwa mapiri a Mchinji, ndipo sindinawaonepo akukwapula galu. Akapha kalulu kapena gwape, zam'kati zinali za agalu, pomwepo patchire. Agalu awo ankawayang'ana kumaso kudikira chizindikiro, ndipo likhweru limodzi linkawabweza ngakhale ali pa liwiro. Anali agalu akumudzi omwewa amene lero mumawanyoza kuti alokolo, n'kumasirira German Shepherd kapena Boerboel. Agalu achizunguwo si oipa, koma amafuna chakudya chambiri, mankhwala ndi mpanda wolimba, ndipo Boerboel woleredwa m'khola lamdima angathe kupha munthu. Galu wakumudzi anakulira m'dzuwa lathu ndi nkhupakupa zathu, ndipo nzeru ali nazo zokwanira.

Pa chakudya sinditalikitsa. Nsima kapena madeya okha samanga thupi la kagalu. Sakanizani ndi usipa kapena bonya wosinja, kapena ufa wa soya wokazinga, ndipo kadye katatu kapena kanayi patsiku kali kakang'ono. Madzi asamasowe. Anyezi amawononga magazi a galu, mafupa a nkhuku ophika amathyoka mosongoka n'kubaya m'matumbo, ndipo tsabola amangopweteka m'mimba popanda kuwonjezera ukali uliwonse. Kagalu kotupa mimba koma nthiti zili pamtunda kali ndi njoka zam'mimba, zimene tiana tambiri timatengera kwa make. Alangizi a ziweto akuuzani mankhwala ake, amene amayambidwa pa masabata 2. Pogona pakhale pouma, makamaka m'dzinja, chifukwa pansi ponyowa ndi mkodzo ndi pamene ntchentche imaikira mazira a mphutsi zolowa m'khungu. Mukamadutsa kagalu kakudya, ponyanimo kanthu kokoma m'mbale n'kupitirira. Kadzaphunzira kuti munthu woyandikira mbale amabwera kudzawonjezera. Ndikanadziwa zimenezi pa nthawi ya Mumandida!

Pali galu wina amene amatha kuluma osachenjeza ngakhale munamulera bwino, ndiye wachiwewe. Apa ndikupemphani mutchere khutu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, makamaka muno mu Africa ndi ku Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Ife a kumalire tili ndi chifukwa chapadera chokhalira tcheru. Midzi yathu ndi ya ku Chipata ndi ku Vubwi inalukana ngati mphasa. Timakwatirana, timaikana maliro, ndipo agalu amatsata eni ake m'tinjira ta m'minda popanda kudzera pa Mwami. Galu mmodzi wodwala angayende mtunda wautali akuluma chilichonse. Katemera ndiye mpanda wake. Kagalu kabayidwe kakakwana miyezi 3, kenaka chaka ndi chaka, ndipo a vetenale akalengeza tsiku la katemera, monga zimachitikira nthawi zambiri chakumapeto kwa September pokumbukira tsiku la chiwewe la pa 28, tengani agalu onse ndipo khadi lake mulisunge. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yotere mu 2015, litamva za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe pachipatala cha Queen Elizabeth, ndipo chaka chimenecho linabaya agalu oposa 35,000 mumzindawo. Apa ndi pamene galu wozolowera kugwiridwa amapulumutsa mudzi, chifukwa wa m'khola lamdima uja palibe amene angamufikitse pamzere wa katemera.

Amene amadziwa khalidwe la galu wake tsiku ndi tsiku ndi amene amayamba kuona kusintha. Wofatsa akayamba kulusa popanda chifukwa, wolusa akafatsa modabwitsa, mawu ouwa akasintha, akamaluma mitengo ndi miyala, musamuyandikire. Chiwewe china sichilusitsa n'komwe: galu amangofooka, chibwano chili lende, dovu likuchucha, ndipo anthu amaganiza kuti fupa lamutsamwa n'kupisa dzanja m'kamwa kuti alichotse. Musachite zimenezo. Mutsekereni patali ndi anthu, muitane a vetenale. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi kagalu kakang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Kapiri, ku Mkanda kapena pa Boma, ndipo jakisoni amene akulemberani mumalize onse. Zootcha ubweya wa galu n'kupaka pabala sizichiza kanthu. Matendawa amatha kubisala miyezi iwiri kapena itatu bala litapola kale, ndipo akangoonekera, munthu n'kuyamba kuopa madzi, palibenso chipatala chimene chingamubweze. Koma katemera woperekedwa msanga amapulumutsa, ndipo wakhala akupulumutsa kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anabaya mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, n'kukhala ndi moyo. Galu woluma ngati ndi wodziwika musafulumire kumupha. Asungidwe motsekeredwa masiku 10 a vetenale akumuona, pamene wolumidwayo wayamba kale kulandira thandizo.

Mnyamata wa pa Kamwendo uja ndinamupempha kuti abweze kagaluko kwa make kwa mwezi wina ndi sabata, ndipo titakambirana kwa kanthawi pansi pa mtengo anatembenuza njinga yake.

Mwana wa mlongo wanga uja tsopano ndi mayi wa ana atatu, ndipo chipsera chikadalipo pansi pa diso lakumanzere. Mwezi wathawu anabwera kudzandiona ndi mwana wake wotsiriza, amene wangoyamba kuyenda. Galu amene ndili naye pano, Tikhale, wakalamba ndipo chiuno chimamuwawa. Anali atagona pamthunzi wa nkhokwe. Mwanayo anayamba kudzandira kulunjika komweko. Ndinaona Tikhale akutembenuza nkhope, akunyambita mphuno, kenaka anadzuma pang'ono. Mayi wake anadzambatuka n'kufuula kuti, "Atsibweni, galuyo!" Ndinanyamula mwanayo n'kumuika pamiyendo panga, ndipo ndinauza Tikhale kuti tamva, agone. Anatsitsa mutu pamapazi ake n'kutseka maso.